Kulima dimba la eni kunja posinthana ndi pogona

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa ulimi wa ndiwo zamasamba amandifunsa kawirikawiri ngati n'zoona kuti kunja kuli mafamu kumene munthu amakalima, eni ake n'kumamupatsa chakudya ndi malo ogona. N'zoona, ndipo inenso mbali ina ya luso langa ndinaiphunzira m'njira imeneyi. Koma iyi si ntchito yolembedwa, ndipo amene akupita kukafuna ndalama adzabwerako chimanjamanja.

Mchitidwewu unayamba ku England mu 1971. Mayi wina wogwira ntchito ya ulembi mu London, Sue Coppard, ankalakalaka kutuluka m'tauni kumapeto a sabata, ndipo anakonza zoti iye ndi anthu ena ochepa akathandize pa famu ya Emerson College ku Sussex. Apo m'pamene panachokera bungwe la WWOOF, lomwe lero lili m'mayiko ambiri. Limalumikiza alendo ndi alimi osagwiritsa ntchito feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala ophera tizilombo. Palinso Workaway ndi HelpX, amene amalandira ntchito zamitundumitundu kuphatikizapo ya kudimba. Munthu amalipira kandalama ka umembala, n'kulembera yekha mlimi amene wamusankha. Ndalama ya ndege, viza ndi inshuwalansi ya kuchipatala zimachoka m'thumba mwake.

Mgwirizano wake nthawi zambiri umakhala wa maola anayi kufikira asanu ndi limodzi pa tsiku, ndi masiku opuma pa sabata. Zikufanana ndi ganyu wolipidwa ufa kwathu kuno, kusiyana kwake n'kwakuti uku umadya pamodzi ndi banjalo ndipo mwini dimba ali ndi udindo wokuphunzitsa. Ntchito yake ndi kuzula udzu ndi manja, kukankha wilibala ya manyowa, kuokera mbande, kuthirira, kukolola ndi kutsuka masamba opita kumsika. Msana umapweteka ndithu. Mwana wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amene anakulira m'dimba la kabichi ndi mbatatesi amawaposa kutali anzake a m'matauni a ku Ulaya, ena mwa iwo sanagwirepo khasu chibadwire.

Nanga phindu lili pati? Kwa ine lili pa mulu wa kompositi. M'kalasi timauzidwa kuti tisanjike zouma ndi zaziwisi, koma zimamveka bwino ukaima pafupi ndi mlimi amene wakhala akuchita zimenezi moyo wake wonse. Amapisa dzanja pakati pa mulu kuti amve kutentha. Mulu wokonzedwa bwino umafika madigiri 55 mpaka 65, ndipo kutentha kumeneku n'kumene kumapha njere za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda. Akamva fungo la mkodzo amadziwa kuti zaziwisi zachuluka, amawonjezera udzu wouma n'kutembenuza. Akafinya m'manja n'kuona madzi akuchucha, amadziwa kuti mpweya sukulowa. Umaphunziranso kuphimbira nthaka, kasinthasintha wa mbewu pa bedi lililonse, kusunga mbewu zako, ndiponso kulemba m'buku tsiku lofesa ndi kuchuluka kwa zokolola, chinthu chimene alimi athu ambiri sachilabadira. Ku Ulaya ntchito ya m'dimba imachuluka kuyambira April mpaka October. M'nyengo yachisanu nthaka imauma gwa, ndipo zophunzira zimachepa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa malamulo olowera m'dziko. Maboma ambiri amaona chakudya ndi pogona ngati malipiro. Ku New Zealand, kugwira ntchito posinthana ndi malo ogona kumafuna viza ya ntchito. Ku Britain, wolowa ngati mlendo amaloledwa kudzipereka masiku osapitirira 30, ndipo pokhapokha ngati ndi ku bungwe lachifundo lolembetsedwa ndi boma, osati pa famu ya munthu wamba. Umembala wa WWOOF si chilolezo cholowera m'dziko lililonse. Wonama pa bwalo la ndege akhoza kubwezedwa tsiku lomwelo, ndipo mbiri imeneyo imamutsata akadzapemphanso viza.

Alimi olandira alendo nawonso si onse oona mtima. Alipo ena amene amangofuna antchito aulere. Mumawazindikira chifukwa safuna kunena maola, amakusiyani nokha m'munda tsiku lonse, ndipo mukafunsa chifukwa chochitira chakutichakuti amakwiya. Ndimadandaula makamaka ndi atsikana, poti famu imakhala kutali ndi msewu ndipo kuthawa n'kovuta.

Musanagule tikiti, lankhulani ndi mwini famu pa foni yoonana nkhope. Mufunseni maola, malo ogona, chakudya, ndi zimene mudzaphunzire, ndipo akulembereni. Werengani zimene alendo akale analemba za iye. Sungani ndalama yokwanira kuchokapo tsiku lililonse, achibale adziwe kumene muli, ndipo pasipoti yanu musapatse munthu aliyense kuti akusungireni.