Kodi Njira za ku Chanyanya Zimapita Kuti Dzinja Likafika?

Ana inu, kodi munamvapo za njira imene mwezi wa Okutobala munthu amayendamo fumbi lili koboo, koma pofika Epulo malo omwewo mukudutsa bwato? Njira zotere ziliko ku Chanyanya, mudzi wa asodzi umene uli kumadzulo kwa tauni ya Kafue m'dziko la Zambia. Mudziwu uli m'mphepete mwa dambo lalikulu lotchedwa Kafue Flats. Lero tiyeni tiyende limodzi m'damboli, tione chimene chimameza njirazo komanso chifukwa chake madzi amenewa ndi chuma.

Madziwa amachokera kuti?

Mtsinje wa Kafue umayambira kumpoto, kufupi ndi malire a Zambia ndi dziko la Congo. Umayenda makilomita pafupifupi 1,600, kenako n'kukathira mu Zambezi kufupi ndi Chirundu. Koma ukangodutsa pa Itezhi-Tezhi umafika pamalo athyathyathya kwambiri. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 250, nthaka imatsika mamita osapitirira 15. Choncho madzi alibe pothamangira. Amangokhotakhota pang'onopang'ono, moti amatha milungu 6 kapena kuposerapo asanatuluke m'damboli.

Mvula ikagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, mtsinje umadzaza n'kusefukira mbali zonse. Udzu umamira, tinjira timamira, malo okwera amasanduka tizilumba. Dambo lonse ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 6,500. Chilimwe chikamayandikira madzi amabwerera mwakachetechete, ndipo anthu ndi ng'ombe amapondanso njira zatsopano.

N'chifukwa chiyani malo ena sauma?

Anthu anamanga madamu awiri, limodzi kumtunda, lina kumunsi. Damu la Kafue Gorge linamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti lizipanga magetsi, ndipo la Itezhi-Tezhi linatha mu 1977 kuti lizisunga madzi. Chanyanya ili chakumunsi kwa dambo, kumene damu la Kafue Gorge limabweza madzi m'mbuyo. N'chifukwa chake kuderali kuli matamanda amene sauma ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Kale mvula yokha ndiyo inkalamula nthawi yosefukira. Masiku ano zimadaliranso mmene akampani ya magetsi ya ZESCO atsegulira zitseko za madamuwo.

Kodi dambo limagwira ntchito yanji?

Ena amaona dambo ngati malo achabe, odzaza matope ndi udzudzu. Si zoona ayi. Dambo lili ngati chinkhupule: limamwa madzi akachuluka, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono akachepa. Mizu ya bango ndi ya gumbwa imagwira matope ndi zinyalala zina, motero madzi amatuluka oyererako. Ena mwa madzi amene anthu amamwa mumzinda wa Lusaka amapopedwa mu mtsinje womwewu, pamalo otchedwa Iolanda pafupi ndi tauni ya Kafue. Minda ya nzimbe ya ku Nakambala, ku Mazabuka, imathiriridwanso ndi madzi a Kafue. Mukathira shuga m'phala, mwina mwalawako ntchito ya damboli.

Nsomba nazo zimadalira kusefukiraku. Madzi akalowa mu udzu, milamba ndi nsomba zina zimapita kukaswana kumeneko, kumene tiana take timapeza chakudya ndi pobisala. Pachifukwa chimenechi boma la Zambia limatseka usodzi chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Msodzi wopachika ukonde miyezi imeneyi akusamala ndiwo za chaka chamawa. Ndipo madzi akaphwa, udzu wanthete umaphuka. Anthu a mitundu ya Ila ndi Tonga akhala akubweretsa ng'ombe zawo kudzadya msipu umenewu kuyambira kalekale.

Ndani amakhala m'dambomu?

Mukaima phee m'mamawa pafupi ndi doko la ku Chanyanya, mungaone akakowa oyera akusaka m'madzi osaya, atsekwe akuuluka pamzere, mwinanso nkhwazi itatera pamtengo. Nkhwazi imeneyi ndi yomwe ija ili pa mbendera ya Zambia.

Chakumadzulo, m'nkhalango zotetezedwa za Lochinvar ndi Blue Lagoon, muli nyama yofanana ndi gwape yotchedwa Kafue lechwe. Mtundu umenewu supezeka kuthengo kwina kulikonse padziko lapansi. Ziboda zake ndi zazitali ndipo zimatambasuka, choncho siititimira m'matope. Ikaona mdani siithawira kumtunda, imathamangira m'madzi! Chomvetsa chisoni n'chakuti nyamazi zachepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 zinalipo pafupifupi 100,000, koma pamene anaziwerenga mu 2015 sizinakwane 30,000. Kupha nyama mozemba ndi kusintha kwa kasefukidwe ka madzi ndi zina mwa zifukwa zake.

Kulinso mbalame yaitali ngati munthu wamkulu yotchedwa wattled crane, ya khosi loyera ndi tinyama tiwiri tolendewera kukhosi. Imamanga chisa pakati pa madzi osaya ndipo kawirikawiri imalera mwana mmodzi yekha. Madzi akaphwa msanga, adani amafika pachisa. Akakwera mwadzidzidzi, dzira limamira. Ku Lochinvar kokha anthu anawerengako mitundu ya mbalame yoposa 400. Mu 1991 damboli linalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse, potsatira pangano limene mayiko anachita mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971.

Alendo osaitanidwa

Si zonse zobiriwira zimene zili zabwino. Namasupuni, chomera choyandama cha maluwa okongola, kwawo ndi ku South America. Chikachuluka chimatseka njira za mabwato ndipo nsomba zimasowa mpweya. Chitsamba chaminga chotchedwa Mimosa pigra chinalanda msipu wambiri ku Lochinvar, moti anthu akhala akulembedwa ganyu yochidula. Palinso crayfish, kanyama ka m'madzi ka zibano ngati za nkhanu, kochokera ku Australia, kamene kamadya nsomba zokodwa mu ukonde msodzi asanazionjole.

Njira zimene sizimira

M'mizinda ina anthu anapeza nzeru yoyendera m'dambo osaliwononga. Amakhoma mizati n'kuyala matabwa pamwamba, madzi n'kumadutsa pansi. Munthu amaona mbalame pafupi koma saponda chisa. Ku London anasandutsa madamu akale osungira madzi kukhala malo otere, ndipo anawatsegula mu 2000. Ku Beira, m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Mozambique, anakonza kamtsinje ka Chiveve n'kuika njira za oyenda pansi m'mbali mwa mitengo imene imamera m'madzi amchere. Kamtsinjeko kamathandizanso kuchotsa madzi mumzinda mvula ikachuluka. Zambia ilibe nyanja yamchere, koma phunziro ndi lomwelo: malo a madzi akasamalidwa, amateteza anthu okhala pafupi nawo.

Mukapita kukayenda

Musapite nokha. Pitani ndi munthu wamkulu wodziwa malowo, chifukwa mu Kafue muli ng'ona ndi mvuu. Mvuu imatuluka madzulo kukadya udzu ndipo ndi yoopsa ikakupezani pakati pa iyo ndi madzi. Musasambe kapena kusewera m'madzi oima, poti mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Yendani m'njira imene ilipo kale. Mukaona chisa, chiyang'aneni patali, ndipo legeni isiyeni kunyumba. Pepala la pulasitiki kapena botolo limene mwapita nalo mubwerere nalo.

Nayi ntchito yoti muchite. Pezani kope, musankhe malo amodzi pafupi ndi dambo kapena mtsinje wa kwanuko. Mwezi uliwonse lembani pamene madzi afika, mbalame zimene mwaona ndi zimene asodzi kapena abusa akuchita. Funsaninso agogo kuti madzi ankalekeza pati iwo ali ana. Pa 2 Febuluwale, lomwe ndi tsiku lokumbukira madambo padziko lonse, kaonetseni anzanu ndi aphunzitsi zimene mwapeza. Dambo limasamalidwa ndi anthu amene amalidziwa, choncho yambani kulidziwa lanu mudakali ana.