Hita ya m'kalavani ya adadi, ndi waya mmodzi wa dzimbiri

Sabata ino nkhani ndi yanga, ndipo monga mwa masiku onse ndailemba kaye kuti inu amene mukuphunzira Chichewa muzitsatira ndi maso pamene makutu akumva. Lilime langa likapunthwa penapake musaseke kwambiri. Nanenso ndinabadwira konkuno ku Indiana, ndipo Chichewa changa ndinachitola m'khitchini mwa amami.

Ndimakhala ku Indianapolis, dera la Lafayette Square, pafupi ndi pamene 38th Street imadutsana ndi Lafayette Road. Msika waukulu wa Lafayette Square Mall unatsegulidwa mu 1968, koma masiku ano derali limadziwika ndi dzina loti International Marketplace chifukwa cha timasitolo ndi malo odyera a anthu ochokera ku Africa, Mexico, India ndi kwina. Ufa wa nsima ndimagula komweko. Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Makolo anga ali ku South Bend, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, mtunda wa mamailosi pafupifupi 150 mukatsata msewu wa US 31.

Kum'mawa kwa South Bend kuli Elkhart, tawuni imene imapanga makalavani ambiri mwa amene mumawaona akukokedwa m'misewu ya America. Adadi anagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ina kumeneko, yoyala mawaya m'makoma a makalavani. Chuma chitagwa, mu 2009, anthu anasiya kugula makalavani, ndipo m'dera la Elkhart pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse analibe ntchito. Barack Obama anafika kumeneko mu February chaka chomwecho, atangolowa kumene m'boma. Adadi anali mmodzi mwa amene anakhala pakhomo. Zinthu zitayambanso kuyenda, anagula kalavani yakale kwa mnzawo wa kuntchito. Amvekere: "Ndamangira anthu ena nyumba zoyenda zaka zonsezi. Nanenso ndigonemo."

Chaka chathachi agogo aakazi anabwera kuchokera ku Dedza kudzationa. Atamva kuti pafupi pali nyanja imene tsidya lake silioneka, anati sabwerera kumudzi asanaione, akaiyerekeze ndi ya ku Salima. Tinasungitsa malo ogona ku Indiana Dunes State Park, m'mbali mwa Lake Michigan, kumapeto kwa sabata ina ya October. Mwezi umenewo usiku kumazizira kuposa June wa ku Dedza. Kutatsala masabata awiri, adadi anayatsa hita ya m'kalavani kuti ayese. Inangouzira mphepo yozizira basi.

Agogo sanaone vuto. "Nanga mbaula mulibe? Tikasonkha makala, tikatseka chitseko, tikagona."

Apa mpamene ine ndinachita mantha. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo umalowa m'magazi m'malo mwa mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, kenako tulo, osadzukanso. Ku Malawi nyengo yozizira ikafika nkhani zotere zimamveka, ndipo kalavani ndi kachipinda kakang'ono kuposa kanyumba ka udzu kamene mphepo imalowa m'denga. Chitofu cha gasi nachonso si chowothera moto. Tinagwirizana kuti hita ikakanika, ulendo kulibe.

Ndifotokoze kaye mmene hita yotere imagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Imatentha ndi gasi wa propane, koma ubongo wake umadya magetsi a batire, mavoti 12. Mukakweza thermostat, choyamba kudzuka ndi fani. Imazungulira masekondi angapo moto usanayake, kuti ichotse gasi aliyense wotsalira. Mphepo ya faniyo imakankha kachitsulo kopyapyala ngati tanga ya bwato, kotchedwa sail switch. Kakakankhidwa, kamauza kabodi ka magetsi kuti mphepo ikuyenda mokwanira. Pamzere womwewo pali switchi ina imene imadula zonse hita ikatentha mopitirira. Ziwirizi zikavomera, kabodi kamatsegula valavu ya gasi n'kuthethetsa moto: mumamva kuti the-the-the. Kenako kamadikira umboni woti moto wayakadi. Umboni ukapanda kubwera, kamatseka gasi. Mabodi ambiri amayesa katatu, akalephera amakana kuyesanso mpaka mutazimitsa ndi kuyatsanso.

Munthu wa mapulogalamu ngati ine, ndinaona kuti iyi ndi ntchito yanga yeniyeni: ichi chikachitika, chita ichi, chikapanda kuchitika, ima. Loweruka m'mawa ndinanyamula ufa wa amami, mita yoyezera magetsi ndi digiri yanga m'mutu, ulendo wa ku South Bend.

Adadi maso ayamba kuwavuta, timawaya ting'onoting'ono sationanso bwino. Ndiye anakhala pa mpando pakhomo pa kalavani, ine n'kugona chafufumimba pansi pa kabati. Asanandilole kugwira kanthu anatseka gasi pa silinda.

"Batire wayeza?"

Ndinayeza: mavoti 12.6, lodzadza. Izi n'zofunika, chifukwa batire likafooka fani imazungulira mwaulesi, katanga kaja osakankhidwa, hita n'kumangouzira mphepo yozizira. Anthu ambiri amagula zipangizo zatsopano pamene vuto ndi batire chabe. Fyuzi nayonso inali yamoyo. Ndinatuluka panja kukasuzumira m'paipi ya utsi, poti mavu aja omanga ndi dothi amakonda kumangamo zisa. Munalibe kanthu.

Kenako ndinamasula sail switch. Inali itakutidwa ndi fumbi ndi ubweya, moti katanga sikamafika kumapeto. Ndinapukuta, n'kuyeza ndi mita uku ndikukankha ndi chala: mita inalira. Ndinabwezeretsa, adadi anatsegula gasi, tinayatsa. Fani inadzuka, the-the-the, kenako phuu, moto wayaka! Ndinakuwa ndithu. Patangopita masekondi ochepa, zii. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi. Kenako mphepo yozizira ija.

"Ndi kabodi aka, adadi," ndinatero. "Kakalamba. Tigule kena."

"Wakaona kuti kafa?"

"Ayi, koma n'zachidziwikire."

Sanayankhe. Anangoti "chabwino," mwa mtundu uja wa "chabwino" amene ana a Amalawi tonse timamudziwa.

Ndinachotsa kabodi n'kupita nako ku Indianapolis. Usiku uliwonse ndikaweruka ndinkakaika pa tebulo n'kumakayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, kufunafuna popsa kapena pamene mtovu wang'ambika. Sindinapeze kalikonse. M'malo moti zimenezi zindichenjeze, ndinaitanitsa katsopano pa intaneti, madola oposa 100. Loweruka lotsatira ndinakamangirira monyadira. Fani, the-the-the, phuu, zii. Katatu. Ndendende ngati kale.

Kuntchito tili ndi lamulo loti usasinthe chinthu usanatsimikize kuti ndi chimene chalakwa. Ndimalalikira lamuloli kwa anzanga atsopano. Koma pansi pa kabati ya adadi ndinaliiwala, chifukwa ndinkafuna kuti vuto likhale pa chinthu chimene chikufanana ndi kompyuta, pamene ine ndine katswiri.

Adadi anakoka mpando kufika pafupi. "Tandiuza, mwana wanga. Kabodiko kamadziwa bwanji kuti moto wayaka? Kali ndi maso?"

Ndinafotokoza zimene ndinawerenga. Lawi la moto limadutsitsa magetsi pang'ono kwambiri, ochepa zedi moti amayezedwa m'ma microamp. Kabodi kamatumiza magetsi kudzera pa kachitsulo kothethetsa moto kaja, magetsiwo amadutsa m'lawi, n'kulowa m'chitsulo cha choyatsira, n'kubwerera ku kabodi. Akabwerera, ndiye umboni.

"Abwerera kudzera kuti?"

Ndinakhala chete. Abwerera kudzera m'thupi la hita, ndi waya wa ethi.

"Kufakitale," anatero adadi, "chinthu chikamachita misala, timayamba taona ethi. Magetsi ali ngati munthu wopita kumsika. Usamangofunsa njira yopitira. Funsanso yobwererera."

Ndinatsatira mawaya ndi tochi mpaka ndinapeza kamodzi kothera pa sikuluwu yomangidwa m'chitsulo cha hita, kuseri, pafupi ndi khoma la panja. Madzi ankadonthera pamenepo zaka zambiri. Sikuluwu inali yofiira ndi dzimbiri, ndipo kamphete ka wayayo kanali kobiriwira. Poigwedeza inkasewera. Titazimitsa zonse, ndinamasula, n'kupala chitsulo ndi sandipepa mpaka kuwala, kudula nsonga yowola ya waya, kuika kamphete katsopano ndi sikuluwu yatsopano. Ndinapukutanso nsonga ya kothethetsa moto, n'kuona kuti mpata wake uli pafupifupi mamilimita atatu monga buku la hitayo likunenera, ndi kuti dongo loyera lokakuta silinang'ambike.

Adadi anati ndibwezeretse kabodi kakale kaye. Fani. The-the-the. Phuu. Tinawerenga limodzi: wani, thuu, fili, mpaka teni, mpaka sate. Moto sunazime. Mphepo yofunda inayamba kundiomba m'miyendo. Kabodi kakale kanalibe mlandu. Zimene zinakonza hita sizinakwane ndi madola awiri omwe. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya la madola 100.

Tsopano chenjezo, chifukwa sindikufuna wina amve nkhaniyi n'kuthamangira sipanala. Ife tinagwira mbali ya magetsi yokha. Valavu ya gasi, mapaipi ndi chipinda choyakira moto sitinazimasule, ndipo sabata yomweyo tinapita ndi kalavani kwa mmisiri wodziwa za gasi kuti ayeze mphamvu yake ndi kuona ngati chipindacho chilibe mng'alu. Mng'alu umenewo ndi umene ungalowetse utsi m'kati mogona anthu. Musalumphitse sail switch ndi waya kuti hita iyake mokakamiza. Kachitsuloko kalipo kuti moto usayake popanda mphepo. Pofufuza ngati gasi akutuluka polumikizira, pakani madzi a sopo muone thovu, osati machesi. Propane ndi wolemera kuposa mpweya wamba, amatsikira pansi, n'chifukwa chake alamu yake imakhala m'munsi mwa khoma. Mukamva fungo ngati la mazira owola, tulukani, tsekani silinda. Ndipo ma alamu amakalamba: tembenuzani muone deti kuseri. Yathu ya carbon monoxide inali itapitirira nthawi yake kalekale, tinagula ina tsiku lomwelo.

Kwa inu ophunzira, tolani mawu awa amene ine ndinawamvetsa bwino masiku awiri amenewo. Kumasula ndi kumanga: sikuluwu timamasula, tikatha timamanga. Kupala: kuchotsa za pamwamba pokhula, monga timapalira nsomba mamba. Dzimbiri: zofiira zimene zimadya chitsulo chikanyowa. Kuthetheka: mmene moto umachitira ukamatulutsa timoto ting'onoting'ono. Moto umayaka ndi kuzima wokha, koma munthu amayatsa ndi kuzimitsa. Ndili mwana adadi akandilankhula Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi. Pansi pa kabati paja, manja ali bii, ndinazindikira kuti tatha maola atatu osasintha chilankhulo, kupatula powerenga manambala, zimene ngakhale ku Limbe amachita.

Ku Indiana Dunes tinapita. Agogo anaima pa mchenga atafunda zitenje ziwiri ndi jekete la adadi, n'kuyang'ana madzi nthawi yaitali. Analawa pang'ono ndi chala, n'kuvomereza kuti alibe mchere, ngati a kwathu. Kenako anafunsa kuti asodzi ali kuti, nanga usipa amayanika pati. Usiku umenewo mphepo ya kunyanja inkagwedeza kalavani, ine osagona, ndikungomvetsera: fani, the-the-the, phuu. Nthawi iliyonse ndinkawerenga mpaka teni. M'mawa agogo anadandaula kuti kunatentha kwambiri.

Kabodi katsopano kaja kali m'kabati ya m'kalavani, m'pepala lake. Adadi akuti tikasunge, tsiku lina kadzagwira ntchito. Mlendo aliyense akabwera amakatulutsa n'kumuonetsa, amvekere: "Aka anagula ndi injiniya wathu."

Sabata yamawa tidzakhala ndi nkhani ina. Pakali pano, amene muli ndi makolo pafupi, kawafunseni dzina la chipangizo chimodzi cha m'bokosi lawo la zitsulo, mudzatiuze.