Zikumbu Zodya Masamba a Mitengo ya Zipatso

Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa Novembala kapena Disembala, alimi a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, kumene kuli damu la Lifupa, amatanganidwa ndi kuwokera fodya ndi kudzala chimanga. Nthaŵi imeneyi mitengo ya mapichesi ndi magwafa ya kuseri kwa nyumba imaiŵalika. Pakapita masiku oŵerengeka, mwini wake amapeza masamba atabookabooka, ena atatsala mitsempha yokha, koma chodyacho osachiona.

Zodya masambawo ndi zikumbu zofiirira, zazikulu ngati njere ya mtedza, za mitundu imene akatswiri amaitcha Adoretus ndi Schizonycha. Zimadya usiku, kukacha zimabisala m'dothi kapena m'zinyalala patsinde pa mtengo. Zimaikira mazira m'nthaka, ndipo m'mazirawo mumatuluka mbozi zoyera zopindika zija zimene zimadya mizu ya chimanga ndi mtedza.

Masamba ndiwo amapangira mtengo chakudya mothandizidwa ndi dzuŵa. Mtengo waukulu ukadyedwa pang'ono umaphukanso, koma wa chaka chimodzi kapena ziŵiri ukathothoka masamba umapinimbira, mwinanso kufa. Tsono mitengo yaing'ono ndiyo iyenera kuyambirira kutetezedwa.

Vutoli liliponso kunja. M'chaka cha 1916, ku New Jersey m'dziko la America kunapezeka chikumbu chochokera ku Japan chimene chimadya masamba a mphesa ndi a mitengo ya cherry. Icho chimadya masana, koma njira imene eni mitengo kumeneko amachigwirira imathandizanso ku Kasungu: kuchigwedezera m'madzi a sopo.

Mlimi ayenera kupita ku mitengo yake kutada, atatenga tochi, chiguduli ndi ndowa ya madzi a sopo. Ayale chigudulicho pansi, kenaka agwedeze nthambi. Zikumbu zikadzidzimuka zimagwa, ndipo azikhuthulire m'ndowamo, mmene zimamira. Ntchitoyi ichitike usiku uliwonse kufikira zikumbuzo zitachepa. Popeza zimakopeka ndi kuŵala, nyali yoikidwa pamwamba pa beseni la madzi a sopo imagwira zambiri, koma iikidwe patali ndi mitengo kuti isaziitanire pa masamba. Kamtengo kakang'ono kangaphimbidwe madzulo ndi masikito akale otha ntchito, n'kuvundukulidwa m'maŵa. Masana mlimi apalire patsinde mosazamitsa khasu, kuti nkhuku zitole zikumbu ndi mbozi zomwe.

Pali chinthu chimodzi choopsa m'dera la fodya. Mankhwala otsala popopera fodya amakhala pafupi, ndipo ena amaŵathira pa mitengo ya zipatso. Mapichesi amapsa nyengo yomweyi, ndipo oyamba kuthyola ndi ana, amene amadya osatsuka. Mankhwalawo amaphanso njuchi zimene zimathandiza maluŵa kubala zipatso. Wofuna kupopera ayambe wafunsa alangizi a zaulimi za mankhwala oyenera zipatso, ndi masiku oyenera kudikira asanathyole.

Ena amaviika masamba a ombwe m'madzi n'kuwaza pa mitengo madzulo. Ombwe amapha nsomba, choncho ziŵiya zake zisatsukidwe kudambo kapena m'timitsinje tothira mu Dwangwa.

Nyengo imene zikumbuzi zimachuluka ndi yaifupi. Mlimi amene alondera mitengo yake yaing'ono usiku m'masabata oyamba a mvula adzaiona itaphuka masamba atsopano fodya asanayambe kuthyoledwa.