Magetsi a m'matope ndi makala a mankhusu

Alimi anzanga, m'matope a m'minda ya mpunga ku Machinga muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatulutsa magetsi tikamadya zinyalala zoola. M.C. Potter wa ku England ndiye anazindikira zoti tizilombo timatulutsa magetsi mu 1911.

Pokolola magetsiwa, amakwirira khala limodzi m'matope, lina n'kuliika pamwamba pa madzi, kenaka n'kuwalumikiza ndi waya. Khala la timabowo tambiri limasunga tizilombo tochuluka, n'chifukwa chake akatswiri akuyesa makala a mankhusu ndi zitsononkho, omwe ngotsika mtengo.

Mphamvu yake sikwana volt imodzi, kotero singaunikire nyumba. Komabe musataye mankhusu. Makala ake, mukawasakaniza ndi manyowa, amathandiza nthaka kusunga chinyontho, makamaka ku Balaka komwe mvula imavuta.