Kulowa pageti si kulowa kuchipinda: zomwe app ya banki m'khonde inandiphunzitsa

Loweruka lina madzulo foni yanga inalira ndili pa mpira. Anali mayi wina wa m'gulu lathu la banki m'khonde, ndipo sanayambe n'komwe ndi moni. "Mwana wanga, ngongole yanga yafika bwanji m'kamwa mwa anthu a kuchigayo?" Ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa ndinadziwa kuti mlandu ukubwera kwa ine.

Nkhani yake ili chonchi. Gulu lathu lili ndi anthu 28, ndipo timakumana Lachisanu lililonse. Kope la mlembi litanyowa ndi mvula, ine monga mnyamata wodziwako za kompyuta ndinadzipereka kupanga ka app ka pa intaneti koti aliyense azilowa pafoni n'kuona masheya ake ndi ngongole yake. Ndinaika polembera dzina ndi pasiwedi, ndinayesa, zinatheka. Ndinadziona ngati katswiri.

Patapita milungu itatu, mwana wa membala wina, mnyamata wa Fomu 3, anabwereka foni ya mayi ake. Akauntiyo inali yotsegula. Anaona kuti adiresi ya tsambalo ikuthera ndi /ngongole/14. Mwachidwi chabe anafufuta 14 n'kulemba 15. Panabwera ngongole ya munthu wina. Analemba 16, wina. Anajambula n'kutumizira mnzake pa WhatsApp, ndipo zotsalazo mukuzidziwa kale mmene zimayendera kuno. Mayi aja anali atatenga ngongole ya fizi ya mwana osauza achibale. Pofika Loweruka, dera lonse linali likudziwa.

Mnyamatayo sanabe pasiwedi ya munthu. Analowa pageti lotsegula bwinobwino. Vuto linali lakuti m'nyumbamo ndinasiya zipinda zonse zili pululu.

Mafunso awiri, osati limodzi

App iliyonse yosunga zinthu za anthu imayenera kufunsa mafunso awiri. Loyamba: ndiwe ndani? Lachiwiri: poti takudziwa, ukuloledwa kuchita chiyani? Opanga mapulogalamu amatcha loyambalo authentication, lachiwirilo authorization. Ine ndinayankha loyamba lokha n'kumaganiza kuti ndamaliza.

Taganizani za kuchipatala. Mlonda wa pageti akakulowetsani, sindiye kuti mungapite kosungira mankhwala n'kudzitapira nokha, kapena kutsegula faelo ya wodwala mnzanu. Geti ndi login. Zitseko za mkati ndi maudindo. Tiyambe ndi geti.

Pasiwedi siisungidwa mmene ilili

Lamulo loyamba: app yabwino siidziwa pasiwedi yanu. Mukailemba koyamba, imadutsa m'masamu otchedwa hashing, n'kusanduka mzere wautali wa zilembo ndi manambala. Zili ngati kugaya chimanga: ufa ukatuluka, palibe angaubweze kukhala chimanga. Chimene chimasungidwa mu database ndi ufawo. Tsiku lina mukamalowa, app imagayanso zimene mwalemba n'kuyerekeza ndi ufa unasungidwa uja. Zikafanana, mwalowa.

Musanagaye pamathiridwanso timanambala tachisawawa, tosiyana kwa munthu aliyense, totchedwa salt. Phindu lake n'lakuti anthu awiri olemba pasiwedi yofanana satulutsa ufa wofanana, nde wakuba sangathyole mmodzi n'kupezeratu onse.

Izi si zongoopseza. M'chaka cha 2009 kampani ya ku America yotchedwa RockYou inaberedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni, onse osungidwa osagaya, ndipo imene inapezeka kwambiri inali 123456. Mndandanda umenewo mpaka pano akuba amaugwiritsabe ntchito poyesa kulowa m'maakaunti a anthu.

Zigayo zodalirika zilipo kale, zaulere. Pali bcrypt ya mu 1999, komanso Argon2 imene inapambana mpikisano wa akatswiri mu 2015. Zonsezi anazipanga dala kuti zizichedwerako, kuti woyesa mapasiwedi mamiliyoni atope. Ngati mumalemba PHP, pali password_hash ndi password_verify. Django ndi Laravel zimabwera ndi zimenezi kale. Osadzipangira chigayo chanu, olo mudzione wanzeru bwanji. Ndipo mukaona webusaiti ikukutumizirani pasiwedi yanu yakale mutaiiwala, dziwani kuti anaisunga yosagaya. Yabwino imatumiza linki yoti mupange yatsopano, ndipo linkiyo imafa pakapita nthawi yochepa.

Chinanso, ikani malire a kuyesa. Mukalakwitsa PIN ya ndalama za pafoni kangapo, akaunti imatsekeka. App yanu ichitenso chimodzimodzi, apo ayi munthu angoyesa mayina a ana anu ndi zaka zobadwa mpaka apeze.

Mukalowa, app imakukumbukirani bwanji?

Simulemba pasiwedi patsamba lililonse. Mukalowa, seva, ndiye kuti kompyuta imene app ikukhalapo, imapatsa browser yanu kachiphaso kotchedwa cookie, kokhala ndi nambala yaitali yovuta kulota. Kali ngati kachingwe kamene amakumangani pamkono ku show mukalipira. Wogwira kachiphasoko, kwa seva ndi inuyo basi.

N'chifukwa chake tsamba liyenera kuyenda pa https, kuti munthu wa pa WiFi yomweyo asakatole m'njira. Cookie iikidwe chizindikiro cha Secure ndi HttpOnly. Ndipo kachiphasoko kazitha mphamvu. Apa m'pamene ndinalakwitsanso: ndinakasiya kuti kazikhala mwezi wonse kuti amayi asamavutike kulowa. Ndinaiwala kuti kwathu kuno foni imodzi imadutsa m'manja mwa bambo, mayi, ana ndi mlendo wopempha kuimba. Panopa mukakhala mphindi 15 osakhudza, app imakutulutsani. Amadandaula, koma bola.

Udindo ndi umene umanyamula makiyi

Tsopano zitseko za mkati. Njira imene ambiri amatsata imatchedwa role-based access control, mwachidule RBAC. David Ferraiolo ndi Rick Kuhn a ku bungwe la NIST ku America anailongosola mwadongosolo mu 1992, koma ganizo lake ndi limene agogo athu amalidziwa kale: chilolezo sichipatsidwa kwa munthu, chimapatsidwa kwa mpando. Munthu akakhala pampando watenga makiyi ake, akachoka wawasiya.

Mumaziona tsiku ndi tsiku. Pa gulu la WhatsApp, admin amachotsa anthu, membala wamba sangathe. Pa WordPress, Contributor amalemba nkhani koma sangaitulutse yekha, pomwe Editor angatulutse ndi kukonza za anthu ena.

Nditabwerera ku app ija, sindinayambe ndi code. Ndinakhala pansi ndi komiti, pepala ndi cholembera, n'kufunsa kuti mpando uliwonse umachita chiyani Lachisanu. Tinatulutsa izi. Membala amaona masheya ake ndi ngongole yake yokha, ndipo angapemphe ngongole. Mlembi amalowetsa zimene anthu apereka tsikulo, koma savomereza ngongole. Msungichuma amatsimikiza kuti ndalama zimene mlembi walemba zafikadi m'bokosi. Wapampando amavomereza ngongole gulu likagwirizana, ndipo amaona lipoti lonse, koma sangasinthe nambala ngakhale imodzi. Ineyo ndimatsegula ndi kutseka maakaunti, ndipo akaunti yanga m'appmo siona ndalama za munthu.

Mu database izi si zambiri ayi: tebulo la anthu, la maudindo, la zilolezo, ndi ena awiri olumikiza kuti munthu uyu ali ndi udindo uti, ndipo udindo uwu uli ndi zilolezo ziti. Ubwino wake umaoneka pa chisankho. Tikagawana ndalama kumapeto a chaka n'kusankha komiti yatsopano, ndimangochotsa udindo kwa wakale n'kupatsa watsopano. Sindikhudza code. Mukanalemba mu pulogalamu kuti "ngati dzina ndi lakuti, muloleni", chaka chilichonse mukanamasaka dzinalo m'mafaelo onse, ndipo tsiku lina mukanaiwala malo amodzi.

Mfundo yoyendera ndi iyi: mpando uliwonse upatsidwe makiyi okhawo ofunika pa ntchito yake. Osati "mupatseni zonse, ndi munthu wokhulupirika". Wokhulupirikayo foni yake ikhoza kubedwa mu minibasi.

Kubisa batani si kutseka chitseko

Apa ndi pamene anyamata ambiri ophunzira kupanga mawebusaiti timagwa. Mu app yanga yoyamba, membala wamba sankaona batani la "ngongole zonse". Ndinalibisa. Koma tsamba lenilenilo linalipo, ndipo aliyense wolemba adiresi yake ankafika. Zili ngati kuchotsa chikwangwani pachitseko n'kusiya chitsekocho chosakhoma.

Chilichonse chimene chili pafoni ya munthu, munthuyo angachisinthe. Choncho mlonda weniweni akhale pa seva, ndipo pa pempho lililonse, osaphonya ngakhale limodzi, afunse zinthu zitatu. Kodi munthuyu walowa? Ngati ayi, seva iyankhe 401 n'kumubweza ku login. Kodi udindo wake ukulola zimene akupempha? Ngati ayi, 403, kutanthauza kuti takudziwani koma kuno simuloledwa. Ndipo lachitatu, limene linandigwetsa ine: kodi chinthu akupemphachi n'chake? Membala ali ndi chilolezo choona ngongole, inde, koma ngongole nambala 15 ndi ya ndani? Ngati mwini wake si amene walowayo, 403 basi.

Seva isakhulupirirenso zimene foni yanena zokhudza udindo. Foni ikati "ine ndine msungichuma", seva ikayang'ane yokha mu database. Ndipo tsamba latsopano lililonse liyambe lili lokhoma kwa onse, kenako muzitsegulira mpando umodziumodzi. Mukaiwala, vuto lake likhala la munthu wodandaula kuti sakulowa, osati la chinsinsi chotayika.

Nditafufuza ndinapeza kuti sindili ndekha. Cholakwa changa chili ndi dzina lake, IDOR, ndipo bungwe la OWASP, pa mndandanda wake wa 2021 wa zoopsa khumi za mawebusaiti, linaika kusatseka bwino zitseko za mkati pa nambala 1. Zinanditonthoza pang'ono, koma mayi aja sizinawathandize kanthu.

Bokosi la maloko atatu

Chodabwitsa n'chakuti yankho linali pamphasa pomwe timakhala. Bokosi la banki m'khonde limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Palibe angalitsegule yekha usiku. Amayi anazindikira kalekale kuti si nkhani yokayikira munthu, koma yomuchotsera mayesero.

App panopa ikutsata zomwezo. Wolowetsa ngongole sangakhale woivomereza, ndipo palibe angavomereze ngongole yake yomwe. Chilichonse chosinthidwa chimalembedwa: ndani, liti, nambala inali chiyani, yakhala chiyani. Mbiri imeneyi palibe mpando wokhala ndi mphamvu yoifufuta. Tinathetsanso zoti komiti yonse izilowera akaunti imodzi, chifukwa ndalama zikasowa aliyense amaloza mnzake. A komiti akamalowa amalandiranso nambala yachiwiri pafoni. Munthu akachoka m'gulu, akaunti yake imatsekedwa tsiku lomwelo.

Kumbukiraninso kuti pali malamulo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kulowa m'makompyuta ndi m'zosungidwa za ena popanda chilolezo, ndipo Data Protection Act ya 2024, imene MACRA imayang'anira, imafuna kuti wosunga zinthu zokhudza anthu aziziteteza. Kunena kwina, mnyamata uja analakwa pofalitsa, nanenso ndinali ndi udindo umene sindinaukwaniritse.

Kwa inu anzanga

Ngati mukupanga app ya sukulu, ya mpingo, ya shopu kapena ya timu ya mpira, musanaipereke chitani mayeso awa. Pangani maakaunti awiri a membala wamba. Lowani ndi yoyamba, koperani adiresi ya tsamba la zinthu zake, kenako lowani ndi yachiwiri n'kuika adiresi ija. Yesaninso adiresi ya tsamba la admin. Yesani mutatuluka. Ngati paliponse pabwera zinthu m'malo mokanidwa, simunamalize. Zimatenga mphindi khumi, ndipo zikanandipulumutsa.

Ngati ndinu ongogwiritsa ntchito, funsani. Sukulu ikati muziona zotsatira za mayeso pa intaneti, funsani kuti wina aliyense amene angaone zanu ndi ndani. Safunsa anadya phula. Mukabwereketsa foni, tulukani kaye mu akaunti. Ndipo mukapeza chibowo ngati chimene mnyamata uja anapeza, uzani eni app mwakachetechete, osajambula za anthu n'kuponya pa status.

Mayi aja ndinapita kwawo kukapepesa ndili ndi wapampando. Anandikhululukira, ndipo m'gulu sanachoke. Koma anapempha kuti ngongole yawo izilembedwa m'kope, osati pafoni, ndipo gulu linavomera. Lachisanu lililonse mlembi amatsegula app ya anthu 27, kenako n'kutulutsa kope la munthu mmodzi. Ndikaliona kopelo ndimakumbukira kuti code ndinaikonza usiku umodzi, koma mayiwo sanayambebe kuikhulupirira.