Dzina limodzi, zamoyo zitatu: nkhani ya ghost shrimp

Ku Malawi kuno tilibe nyanja ya mchere, choncho ambiri mwa ife tidzakalamba osakaonapo kanyama kotchedwa ghost shrimp. Komabe ndimakonda kukatchula ndikamaphunzitsa mutu wa kugawa zamoyo m'magulu pa phunziro la Biology, chifukwa sindikudziwa chitsanzo china choonetsa bwino momwe dzina limanamizira.

Mawu akuti ghost amatanthauza mzukwa. Azungu adapereka dzinali poona thupi lotuwa mbee, loonekera mkati. Vuto ndi lakuti dzinali adalipereka kwa zamoyo zitatu zosiyana. Kena ndi kam'madzi opanda mchere a kummwera chakummawa kwa United States, kamene kamagulitsidwa m'masitolo a nsomba zoweta m'nyumba. Thupi lake lili ngati galasi moti chakudya chimaoneka chili m'mimba. Kena ndi ka banja la Caprellidae, kowonda ngati kachitsotso, kamene kamakakamira pa zomera za m'nyanja ya mchere. Kachitatu, kamene ndikufuna tikaonetsetse, ndi kokumba una mumchenga ndi m'matope a m'mphepete mwa nyanja, ka banja la Callianassidae.

Kuti tidziwe malo ake enieni, timatsika makwerero amene ana a sekondale amaloweza monyinyirika. Kanyamaka kali m'gulu la Arthropoda, la zamoyo za chigoba kunja ndi miyendo ya mfundomfundo, limodzi ndi chiwala, kangaude ndi bongololo. M'menemo kali mwa ma Crustacea, amene amadziwika ndi tinyanga tinayi kumutu, pomwe chiwala chili ndi tiwiri tokha. Tikatsikanso tipeza gulu la Decapoda, kutanthauza za miyendo khumi. Apa ka Caprellidae kaja katsala panja, chifukwa si ka gululi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kokumba una kaja ndi kachibale kapafupi ka nkhanu kuposa ka shrimp yeniyeni, ngakhale kamasenza dzina la shrimp.

Thupi lake lili ndi zigawo ziwiri. Kutsogolo, mutu ndi chifuwa zidalumikizana ndipo zidaphimbidwa ndi chigoba chimodzi. Pansi pa chigobacho, mbali zonse ziwiri, pali ziwalo zopumira m'madzi. Kumbuyo kuli mimba yaitali ya mfundo 6, yothera ndi mchira wotambasuka ngati chikupizo. Kutalika kwake konse, kwa mtundu wotchuka wa ku gombe la kumadzulo kwa North America wotchedwa Neotrypaea californiensis, kumafika pafupifupi masentimita 10 kapena kupitirirako pang'ono.

Chimene chimandikoka mtima ndi chakuti chiwalo chilichonse chimanena za moyo wa muuna. Chigoba cha nkhanu n'cholimba chifukwa chili ndi laimu wambiri. Nkhanu imayenda poyera, iyenera kuvala chishango. Koma ka ghost shrimp chigoba n'chofewa ndi chopyapyala, moti ziwalo zam'kati zachikasu kapena zofiirira zimaonekera kunja. Khoma la una ndilo chishango chake. Maso ndi aang'ono kwambiri, pakuti mumdima aonanji? Miyendo yakutsogolo imakumba, ina ili ndi ubweya wosefera ndi kunyamulira mchenga, ndipo yakumbuyo imathandiza kugwirira khoma ndi kudzipesa. Pansi pa mimba pali timiyendo tophwatalala ngati nkhafi. Timeneti timakupiza madzi kuti alowe ndi kutuluka muuna, kubweretsa mpweya wabwino. Kakakazi kamanyamuliranso mazira pomwepo mpaka aswe. Madzi akaphwa pagombe, mpweya muuna umachepa kwambiri, koma kanyamaka kamapirira maola ambiri mpaka madzi abwerenso.

Pali chiwalo chimodzi cholimba: dzanja lopanira. Manja awiri akutsogolo salingana, limodzi limakula mopitirira. Mwa Neotrypaea yaimuna, dzanja lalikululo lokha limatha kufika gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa thupi lonse. Taganizani bambo wa makilogalamu 60 wokhala ndi mkono umodzi wa makilogalamu 15. Amphongo amaligwiritsa ntchito pomenyana komanso pa nkhani za akazi, ndipo nthawi zambiri limakwanira kukuuza kuti wagwira kakamuna.

Ngakhale akatswiri adanamizikapo ndi maonekedwe. Kwa zaka zambiri zokumba una zonsezi zinkaikidwa m'gulu limodzi lotchedwa Thalassinidea, chifukwa zonse n'zofewa, zazitali ndi zokonda matope. Atafufuza za DNA, cha m'ma 2009 adavomereza kuti awa ndi mafuko awiri, Axiidea ndi Gebiidea, amene adangofanana chifukwa chokhala moyo wofanana. Umboni ulinso pathupi. Yang'anani mwendo wachiwiri: mwa Axiidea, kumene kuli ghost shrimp, nawonso uli ndi kopanira kakang'ono, pomwe mwa Gebiidea mulibe kopanira kenikeni. Ndimauza ophunzira anga kuti sayansi imasintha maganizo umboni ukabwera, ndipo chimenecho si chamanyazi.

Abale athu amene ali ku South Africa, makamaka okhala kufupi ndi nyanja, mwina adaona anthu akuyenda pamchenga madzi ataphwa, atanyamula chipaipi chonga pampu ya njinga yaikulu. Amakhala akufuna nyambo. Chimene amatulutsa mumchenga, monga ku Langebaan, ndi ghost shrimp yakumeneko imene amati sandprawn, yodziwika kwa zaka zambiri ndi dzina lakuti Callianassa kraussi. Chimene amatulutsa m'matope, monga ku Knysna, ndi Upogebia africana, ya fuko lina lija la Gebiidea. Kwa msodzi zonse ndi nyambo basi.

Pagombe pamene pali tinyamati pamakhala timilu ta mchenga tokhala ndi bowo pakati, ngati pamene padutsa mfuko m'munda. Una umatha kupita pansi kupitirira theka la mita, ndi nthambi zake ndi tizipinda totembenukira. Kanyamaka kamadya tizidutswa ta zomera zowola ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene tili mumchengamo, ndipo pochita zimenezi kamatembenuza nthaka ya pansi pa madzi monga amachitira nyongolotsi m'dimba. Koma si onse amakondwera nako. Ku Willapa Bay, m'chigawo cha Washington ku United States, alimi a nkhono za oyster amadandaula kuti matope akafewetsedwa nkhono zawo zimamira n'kufa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ankapopera mankhwala a carbaryl pagombe. Atawasiya adapempha kugwiritsa ntchito imidacloprid, koma mu 2018 akuluakulu a zachilengedwe m'chigawocho adakana poopa kuononga zamoyo zina.

Wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a kumtunda. Taganizani za chambo. Pamsika ndi dzina limodzi, koma m'nyanja ya Malawi ndi mitundu itatu: Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Mu 2018 bungwe la IUCN lidati yonse itatu ili pachiopsezo chachikulu chotha, ndipo wa lidole akuopa kuti mwina udatha kale. Malinga ngati pabenchi pali nsomba yotchedwa chambo, wogula sangadziwe kuti mtundu umodzi wasowa. Wozindikira ndi yekhayo amene adaphunzira kuyang'ana thupi, osati kumva dzina.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi kaphunzitsidwe kongolemba mayina a Chilatini pabolodi. Sukulu zathu zakumudzi zilibe zipangizo, n'zoona, koma mtsinje ulipo. Nkhanu zathu za mtundu wa Potamonautes ndi ma Decapoda enieni. Mwana awerenge yekha miyendo, kuphatikizapo manja opanira, apeza 10. Kenako aitembenuze chagada. Mimba ija imene mwa ghost shrimp ndi yaitali, mwa nkhanu idapindikira pansi pa chifuwa: yotambalala mwa yaikazi chifukwa ndimo mosungira mazira, yopyapyala ndi yosongoka mwa yaimuna.