MPIRA WA ANYAMATA A SUKULU KU WYNBERG

Inu nonse amene muli kumva mau awa ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, lero tikambirana za mpira wa anyamata a sukulu ndi makhalidwe amene mpirawo uyenera kuphunzitsa. Kuti nkhani imveke bwino, tiyeni tipite ku Wynberg, dera la mzinda wa Cape Town, mzinda umene abale athu ambiri anapitako kukagwira nchito.

Pakati pa Wynberg pamadutsa njanje, imene inafika kumeneko m'caka ca 1864. Kumtunda kwa njanjeyo, cakuphiri, kuli sukulu yochedwa Wynberg Boys' High School. Inayamba m'caka ca 1841, ndipo iri m'gulu la masukulu akale kopambana m'South Africa monse. Mpira wochuka pasukulupo ndiwo wa rugby, uja wooneka ngati dzira, umene amathamanga nao m'manja. Akakumana ndi masukulu oyandikana nao, monga SACS, Bishops ndi Rondebosch, sasewera anyamata odziwa okhaokha ai. Tsiku Loweruka magulu ambiri amalowa m'bwalo kuyambira m'mawa, ang'onoang'ono ndi akulu omwe, odziwa ndi osadziwitsa omwe, ndipo gulu loyamba limasewera potsiriza, sukulu yonse iri kuimba, makolo ndi amene anaphunzirapo kale ataima m'mbali. Mwambo umenewu uli ndi nzeru yace: mnyamata amene m'mawa walawa yekha kugonja, masana sathamangira kutukwana mnzace wophonya mpira.

Koma kumunsi kwa njanje kuli bwalo lina, la William Herbert, ndipo mbiri yace njosiyana. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa malo okhalamo anthu monga mwa khungu lao, ndipo ku Wynberg azungu anakhala kumtunda, Makaladi kumunsi. Pa bwalo limeneli, kwao kwa bungwe la Cape District Football Association, mibadwo ya anyamata a m'masukulu osauka inaphunzira mpira wa miyendo. Ndarama za boma zinali kupita kwambiri ku masukulu a azungu. Kuno zinthu zinayenda cifukwa ca anthu a m'mudzi. Aphunzitsi anaphunzitsa mpira ataweruka, osalandira malipiro. Makolo anasonkha, nacapa mayunifomu, nalemba mizere ya bwalo.

M'caka ca 1973 kunabadwa bungwe la SACOS, limene linaphunzitsa kuti masewera oongoka sangakhalepo m'dziko lokhota. Aphunzitsi ambiri a ku Cape analitsata, ndipo ana ao anakana kulowa m'mipikisano yokonzedwa monga mwa tsankho. Tisaganize kuti cinali cinthu capafupi. Anyamata aluso anakula, nakalamba, osaoneka ndi dziko. Bungwe la FIFA linacotsa South Africa m'caka ca 1976, ndipo linailandiranso m'caka ca 1992, mabungwe a mpira a mitundu yonse atagwirizana m'caka ca 1991 kukhala limodzi, la SAFA. Pamenepo khomo linatseguka. Benni McCarthy, mwana wa ku Hanover Park, kosatalikira ndi Wynberg, anagoletsa zigoli 31 m'gulu la dziko lace, natenganso cikho ca Champions League ndi gulu la Porto m'caka ca 2004.

Tsono tibwerere kwathu. Mabwalo athu ambiri ndi a fumbi, ndipo zigoli zace ndi mitengo ya bulugamu. Cimeneci sicicititsa manyazi. Cocititsa manyazi ndi zina zimene tonse tidziwa: kugenda woimbira, kukwirira mankhwala pagolo usiku, kuthamangitsa alendo akapambana. Koma coipa coposa, m'kuona kwanga, ndico kusewetsa anyamata opyola msinkhu, pena ngakhale osalembedwa konse pasukulupo, cifukwa ici sacita ana, acita akulu. Mphunzitsi wobveka mwamuna wa zaka 21 yunifomu ya ana a zaka 16 walakwira anthu atatu. Walakwira ana a sukulu inayo, amene angathyoke mwendo polimbana ndi munthu wokhwima mafupa. Walakwira mwana wace yemwe, amene anabwera masiku onse kudzakonzekera, koma tsiku la mpikisano akhala pansi kuonerera mlendo. Ndipo waphunzitsa sukulu yonse kuti bodza liri bwino malinga libale cikho. Mwana wotere akadzakhala kalaliki kapena wosunga cuma ca mudzi, tidzadabwa ciani?

Bvuto limeneli si lathu lokha. Pa mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osapyola zaka 17, umene unacitikira ku Nigeria m'caka ca 2009, FIFA inayamba kuunika mafupa a pamkono ndi makina a MRI, pakuti mafupa a pamenepo amalumikizana mwana akakhwima. Makina otere masukulu athu alibe, ndipo sawasowa kwenikweni. Mphunzitsi wamkulu ali ndi buku la maina, momwe munalembedwa caka cobadwa ca mwana ali yense. Akulu a masukulu awiriwo aonetsane mabukuwo mpira usanayambe, anyamata ataima pamzere.

Zinanso nzosafuna ndarama. Eni bwalo acingamire alendo pa mseu, awapatse madzi akumwa ndi malo obvalira. Pakakhala cosamveka, wolankhula ndi woimbira akhale kaputeni yekha. Mafumu ndi a komiti ya sukulu akhale pa mipando poonekera, pakuti wacinyamata woledzera satola mwala a mfumu ali kumuona. Ndipo mpira utatha, magulu onse awiri agwirane canza pakati pa bwalo, eni malo naperekeze alendo kufikira pamene galimoto lao liri kuwadikira.